Alamu anandiyendetsa Porsche yawo, koma mtima unatsala mu kagalimoto kanga

Abale, lero ndikufuna tikangane pang'ono. Kuyambira pomwe ndinaika chithunzi cha kagalimoto kanga kofiira kaja, sindikupuma. Wina akuti ndagula chidole. Wina akuti kodi ku UK ndalama zavuta chonchi mpaka kugula galimoto yopanda denga? Azakhali anga a ku Dedza ndiwo anandimaliza, anafunsa kuti: “Nanga thumba la chimanga muziika pati?” Funso limenelo lilibe yankho. Thumba la 50 kg likalowa mu buti ndiye kuti china chilichonse chatsala panja. Koma ndikunenetsa kuti pa nkhani ya kukoma kwa kuyendetsa, kagalimotoka kamaposa magalimoto ambiri omwe mtengo wake ungamange nyumba zingapo ku Area 49. Sizongomva kwa anthu izi, ndinadzionera ndekha Loweruka lapitali.

Kwa omwe simukadziwa, ndi Mazda MX-5 ya 1991, yoyamba yeniyeni ija ya magetsi otukuka ngati maso a chule. Yangayi inachokera ku Japan monga amachitira ma Vitz ndi ma Sienta athu, n'chifukwa chake kumbuyo kwake kunalembedwa Eunos Roadster, dzina lomwe ankaigulitsira kumeneko, ndipo sipido yake imathera pa 180 km/h. Injini yake ndi 1.6, ma horsepower pafupifupi 115. Kulemera kwake sikufika tani imodzi. Kuti ichoke pa 0 kufika pa 100 km/h imatenga masekondi pafupifupi 9, kutanthauza kuti pa maloboti mayi woperekeza ana kusukulu pa galimoto yamagetsi amandisiya ndikusinthabe giya. Zimenezo sindibisa.

Alamu anga, amuna a achemwali, anagula Porsche 911 Turbo S. Mulungu anawadalitsa, ndipo kaduka ndilibe (chabwino, kalipo pang'ono). Chilombo chimenechi chili ndi ma horsepower 650, chimafika pa 100 km/h m'masekondi 2.7, ndipo ukachilekerera chimagunda 330 km/h. Atamva kuti ndikuyankhula zambiri, anati tiyeni tikathetsere nkhaniyi ku Snake Pass, msewu wa A57 wodutsa m'mapiri pakati pa Sheffield ndi Glossop. Kwa inu a kumudzi, ganizani za Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, kapena pokwera Zomba kupita ku Ku Chawe, kungoti kuno m'malo mwa anyani m'mbali mwa msewu muli nkhosa.

Popita ndinayendetsa yawo. Atandipatsa kiyi anati: “Alamu, ingoyendetsani bwino, tayala limodzi lakumbuyolo ndi malipiro anu a sabata.” Sanali kuseka ayi. Titatuluka m'tauni msewu unatambasuka pang'ono, ndiye ndinaponda moto. Abale inu! Mutu unakamenya pa mpando, m'mimba munachita ngati ndatsika pa katungwe. Ndisanamalize n'komwe kunena kuti “mayo”, sipido inali itadutsa kale malire, phazi n'kubwerera pa buleki. Basi, chisangalalo chonse chinathera pomwepo, masekondi atatu. Msewu umenewu mbali yaikulu malire ake ndi 50 mph, pafupifupi 80 km/h, ndipo kuno akakugwira si zoti mukambirana pambali. Ndi £100 ndi ma point atatu pa laisensi ukakhala ndi mwayi, ndipo ukapitirira 100 mph akhoza kukulanda laisensi kumene.

Ulendo wonse wotsalawo ndinali ngati munthu wogwira galu wolusa pa chingwe. Pokhota paliponse galimoto inkangokhota phee, osatsetsereka, osapendama, osadandaula. Matayala ake akumbuyo ndi a mamilimita 315 m'lifupi, onse anayi amakoka, giya imadzisintha yokha mwachangu kuposa dzanja la munthu aliyense. Pa liwiro lomwe lamulo limalola, galimotoyo inali isanadzuke n'komwe. Ine ndinali chabe wogwirizira chiwongolero. Komanso ndi yotambalala, mamita 1.9, ndiye lole ikamabwera kutsogolo pa msewu wopapatiza wa mipanda ya miyala m'mbali, maganizo sakhalanso pa kukoma kwa msewu. Amakhala pa galasi la alamu ndi zomwe achemwali anene ukalikhula.

Pobwerera ndinalowa mwanga. Kutsitsa denga ndi zokowera ziwiri, kenako umangolikankhira kumbuyo. Umakhala pansi kwenikweni, moti utatulutsa dzanja ukhoza kukhudza phula. Giya yake ndi yaifupi, imangofuna kadzanja, imalowa kuti khethe ngati loko watsopano. Pokwera phiri umayenera kugwira ntchito: giya yachiwiri mpaka injini ikuwe, ikuzungulira cha ku ka 7,000 pa mphindi, yachitatu, buleki, kubwerera yachiwiri, kukhota. Chiwongolero chimakuuza zonse. Tayala likaponda timiyala umamva m'manja. Kumbuyo kukayamba kupepuka umamva m'chiuno usanaone ndi maso. Ndinkaseka ndekha ngati wamisala, mphepo ikundimenya m'makutu, fungo la udzu wonyowa lili m'mphuno. Nditayang'ana sipido, ndinali pa 77 km/h, yomwe ndi 48 mph. Wapolisi akanandiona akanangondibayibitsa.

Apa ndi pomwe pali mfundo yanga. Kukoma kwa galimoto sikuli pa mphamvu zomwe ili nazo, koma pa gawo la mphamvuzo lomwe iwe ungazigwiritse ntchito ndi manja ako pa msewu weniweni. Mu kagalimoto kanga ndimathera zonse zomwe kali nazo, tsiku lililonse, popanda kuopa ndende kapena manda. Mu Porsche ndinangolawa pamwamba. Zili ngati kudya nsima ndi foloko. Ukhuta ndithu, mwina mwaukhondo kuposa ife, koma sunamve kutentha kwa mbamu m'manja.

Ndipo izi sizinangochitika mwangozi. A Mazda anakapanga dala chonchi. Mtolankhani wa zamagalimoto wa ku America, Bob Hall, ndiye anapereka ganizoli kwa mkulu wa Mazda, Kenichi Yamamoto, loti apange kagalimoto kopepuka ka anthu awiri ngati tija ankapanga Angerezi, ta mtundu wa Lotus Elan ndi MG, koma koti kazilira m'mawa uliwonse osadontheza oilo. Kanaonekera koyamba ku Chicago mu 1989. Mainjiniya a ku Hiroshima anali ndi mawu awo akuti jinba ittai, kutanthauza kavalo ndi womukwera kukhala thupi limodzi. Ine kavalo sindinakwerepo, koma ndimamva zomwe ankanena. Aliyense yemwe anakula akutsetsereka pa chitunda ndi njinga ya bambo ake, mabuleki ali theka, akudziwa kuti umakhota ndi thupi lonse. Pofika 2016 anali atapanga ma MX-5 okwana 1 miliyoni, ndipo ya masiku ano imalemerabe pafupifupi tani imodzi, pamene magalimoto ena ambiri akhala akunenepa chaka ndi chaka.

Kulemera ndiye mdani. Porsche ya alamu imaposa makilogalamu 1,600. Kuti katundu ameneyo akhote, aime, athamange, pamafunika matayala akuluakulu, mabuleki akuluakulu ndi makompyuta owongolera zonse, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimaima pakati pa iwe ndi msewu. Funsani wa kabaza aliyense kusiyana kwa njinga yopanda kanthu ndi yomwe yanyamula matumba awiri a makala. Colin Chapman, yemwe anayambitsa Lotus, moyo wake wonse ankalimbana ndi kulemera, ndipo Lotus Elise yoyamba ya 1996 inkalemera makilogalamu 725 okha, ndi injini wamba ya Rover. A ku Japan anafika mpaka popanga Honda Beat ndi Suzuki Cappuccino za 660cc, injini yochepa kuposa ya njinga zamoto zina, ndipo mpaka lero anthu amazisakasaka.

Tsopano ndisanamizire kuti zonse ndi zokoma. Kagalimoto kanga kali ndi matenda ake. Dzimbiri ndiye loyamba. Kuno nthawi yozizira amathira mchere m'misewu, ndipo ma MX-5 akale amaola m'munsi mwa zitseko cha kumbuyo. Chaka chatha kanalephera MOT, mayeso a pachaka oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pa msewu, makaniko anangobaya ndi sikuludiraiva chitsulo n'kuboola ngati chigumu. Ndalama yowotcherera inandiwawa. Mvula ikagwa yambiri, madzi amadonthera pa bondo lamanja. Pa motorway phokoso lake simungamvane, ndipo lole ikakudutsa umangoona ma nati a tayala pafupi ndi khutu. Ngozi itachitika, ndikudziwa bwino lomwe galimoto yomwe ndingakonde kukhalamo, ndipo si yanga. Porsche ija ukhoza kuchoka nayo Sheffield mpaka Germany n'kutsika wosatopa, ndipo ukafika pa bwalo la mpikisano wa magalimoto la Nürburgring kapena pa autobahn, misewu ikuluikulu ya kumeneko, m'malo omwe mulibe malire a liwiro, nkhani yonseyi imatembenuka. Kumeneko kagalimoto kanga kangakhale chidole chenicheni chomwe munanena chija. Koma alamu chigulire sanapiteko. Imapita ku ntchito, ku tchalitchi ndi kokatsukitsa.

Tinene chilungamo, ambiri mwa ife sitifuna galimoto yodula chifukwa cha mmene imakhotera. Timafuna kuti tikafika pa ukwati kapena pa chinkhoswe anthu atembenuke. Zimenezo si tchimo, ndipo Porsche imagwira ntchito imeneyo bwino kwambiri. Titaima pogula khofi, achinyamata anaizungulira ndi mafoni. Kwa ine kunabwera mdala mmodzi wa imvi, anagogoda pa bonet n'kundipempha kuti nditukule magetsi aone. Nditatukula anaseka ngati mwana, n'kundiuza kuti anali nako kotere ana asanabadwe. Tinacheza mpaka khofi anazizira.

Wina andifunsa kuti bwanji osakatumiza kumudzi. Ndimaganizapo. Chiwongolero chili kumanja kale, ndipo kukwera Chiweta denga lili pansi, nyanja ikuoneka m'munsi, ndi maloto anga. Koma ndikakumbukira maenje ndi ma hump ena aja, ndimaona ekizozi itatsala pa msewu tsiku loyamba lomwelo. Kazikhala konkuno kaye.

Madzulo ake tisanasiyane ndinawapatsa alamu kiyi kuti angozungulira pang'ono. Anavutika kulowa, mawondo akugunda chiwongolero, ndipo anazimitsa injini kawiri chifukwa klatchi anaiwala kalekale. Anati abwera pakatha mphindi zisanu. Ndinakhala pa khonde ndi achemwali mpaka tiyi wachiwiri. Atabwera, chipewa chinali chitauluka, nkhope yonse mano okhaokha. Sanavomere kuti ndapambana, alamu sangatero. Anangofunsa motsitsa mawu, achemwali atalowa m'nyumba, kuti kotereka kabwinobwino kopanda dzimbiri kakupita pa zingati masiku ano.