Ku Tindouf mlendo amayesedwa ndi tiyi

Ife tikamva za msasa wa anthu othawa kwawo, maganizo amathamangira ku Dzaleka. Misasa ya a Saharawi, pafupi ndi Tindouf ku Algeria, siili choncho. Anthuwa anafika kumeneko mu 1975 ndi 1976 pothawa nkhondo ya ku Western Sahara, ndipo Algeria inawasiya kuti azidzilamulira okha pansi pa Polisario, gulu lomenyera ufulu wa Western Sahara. Misasayo anaipatsa maina a matauni akwawo: El Aaiun, Smara, Dakhla, Awserd ndi Boujdour.

Ku Mauritania, dziko loyandikana nalo, zimayenda mwina. Msasa wa Mbera, umene unatsegulidwa mu 2012 kuti ulandire othawa ku Mali, uli m'manja mwa boma ndi UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, ndiye mlendo amayambira ku ofesi. Ku Tindouf mlendo amagona pabanja. Mayi wa pakhomo, atavala melhfa yake, nsalu yaitali yofunda thupi lonse ndi kumutu komwe, ndiye amakuuza pokhala ndi nthawi ya chakudya. Ine ndimaona kuti njira ya ku Tindouf ndi yaulemu, chifukwa wothawayo ndiye mwini khomo, iwe ndiwe wobwera. Vuto lake n'lakuti suyenda mwachisawawa, amafuna wina akuperekeze.

Kutentha kofika madigiri 50 munthu amapirira. Kusamba ndi madzi a m'kachidebe, obwera pa galimoto ya thanki, amazolowera. Chimene chimagonjetsa alendo ambiri ndi tiyi.

 Kwa a Saharawi, monganso ku Mauritania komwe amalankhula chinenero chomwecho cha Hassaniya, tiyi amabwera katatu. Wophikayo amakhala pansi pambali pa mbaula ya makala, n'kumatsanulira tiyi kuchoka m'kagalasi aka kupita m'kena, dzanja lili m'mwamba, mpaka thovu litakwera. Eniake amati woyamba ndi wowawa ngati moyo, wachiwiri wotsekemera ngati chikondi, wachitatu wofewa ngati imfa. Ola limatha, nthawi zina awiri. Kunyamuka utangomwa woyamba n'chipongwe, ngati kusiya nsima itaphulidwa kale.

Ndiye wothamangira msonkhano ku Rabouni, kumene kuli maofesi awo, amangoyang'anayang'ana wotchi, mwini nyumba akukupiza makala a tiyi wachiwiri.