Ufa wa m'botolo si mankhwala a khansa

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo mu minibasi yochokera ku Limbe, pa Chichiri panakwera bambo wina ali ndi chikwama chodzaza timabotolo. Anatulutsa kamodzi, m'kati muli ufa woyera ngati wa kondowole, akuti ndi makorali a m'nyanja ndipo amachiza khansa. Mayi amene ndinakhala nawo pampando anamasula mfundo ya pachitenje n'kuyamba kuwerenga ndalama, manja akunjenjemera. Amagulira mng'ono wawo wodwala khansa ya khomo la chiberekero. Nditati amayi musagule, bamboyo anandikalipira kuti ndikumuphera bizinesi.

Bizinesi yanji? Ufa umenewo si mankhwala. Si mankhwala, abale!

Chondipweteka n'choti bodza lake walikulunga ndi kachoonadi. Makorali ofewa ndi tamoyo ta m'nyanja za mchere tooneka ngati zomera. Alibe chigoba cholimba, ndiye amapanga makemikolo odziteteza kuti nsomba zisawadye. Ina mwa makemikolowo, eleutherobin, inapezeka m'zaka za m'ma 1990 m'makorali a kugombe la Australia, ndipo mu labu inaletsa maselo a khansa kuchulukana, mofanana ndi mmene amagwirira ntchito paclitaxel, mankhwala a khansa amene madokotala amapereka. Koma inkapezeka pang'ono kwambiri. Mpaka mu 2022 m'pamene akatswiri a ku University of Utah anapeza majini (malangizo achibadwa a m'maselo) amene makoraliwo amapangira zinthu zotere. Zaka zonsezi, palibe chipatala padziko lapansi chimene chikupatsa odwala eleutherobin. Kemikolo ina ya m'makorali yochepetsa kutupa, pseudopterosin ya ku Caribbean, inakathera m'mafuta odzola kumaso.

Ndiye chimene anthu ophunzira akuvutika nacho zaka pafupifupi 30, chipezeke m'chikwama cha munthu wa mu minibasi? Nyanja yathu ya Malawi ilibe n'komwe makorali, madzi ake si amchere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Umphawi ulipo, inde, koma kudyera pa misozi ya odwala ndi kupha. Wodwala akadalira ufa umenewo amachedwa kupita ku Gulupu, akamafika matenda afalikira kale. Mayi aja anagula ndithu. Anatsikira pa Ginnery Corner atafumbata kabotoloko pachifuwa.

Nanunso a m'magulu a pa WhatsApp, amene mumatumiza timauthenga ta "mankhwala amene madokotala akubisa" osawerenga n'komwe, muli m'gulu lomwelo. Wina wa m'gulu la kumpingo kwathu wanditumizira kawiri sabata ino yokha.