Mfumu yoyendera ndodo ikhalepo m'masewerowa

Alembi, mwati m'masewero ngati Dungeons & Dragons (momwe osewera amadziyerekezera kukhala anthu a m'nthano) mfumu kapena mkulu wa asilikali asakhale waulumali poti sangathawe adani. Pamenepo ndakana. Franklin Roosevelt analamulira America kuyambira 1933 mpaka 1945, kuphatikizapo nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, akuyendera njinga ya aulumali. Kuno ku Nsanje, madzi a Freddy atasefukira mu 2023, amene ankatilozera kumtunda ndi kulemba mabanja pamsasa anali bambo ena oyendera ndodo, ndipo tonse tinkawamvera.

Malamulo angonena kuti pamatope mfumuyo iziyenda pang'onopang'ono, powoloka mtsinje anzake ainyamule, koma ulamuliro wake usachepetsedwe. Mwana wa achemwali anga anapuwala mwendo ndipo amasewera nafe. Inu owerenga anzanga, ndikamuuze kuti ufumu sungamuyenere ngakhale m'masewero?