Denga la galimoto si lole: chenjezo kwa oika kaliyala ndi omanga katundu pamwamba

Ndiyankhule nanu inu eni magalimoto, makamaka ana anga amene mwangogula kumene ma Sienta, ma Probox, ma Freed ndi timagalimoto tina tochokera ku Japan. Mwagula, tayamika, Mulungu akudalitseni. Koma zimene mukuchita pamadenga a magalimoto amenewa zikutichititsa manyazi ndi mantha omwe. Nyengo yokolola ikangofika, msewu wa M1 umadzaza ndi magalimoto ang'onoang'ono atasenza matumba a chimanga padenga, pamwamba pa matumbawo njinga, pamwamba pa njinga matiresi, zonsezo zitamangidwa ndi mphira za chubu. Galimoto ikuyenda chopendekeka, kumbuyo itakhala pansi, koma mwini wake ali mkati wailesi ili pamwamba, chigongono chili pawindo. Mwana wanga, zimenezi si luso ayi. Ndi chibwana, ndipo chibwana chimenechi chimapha anthu osalakwa.

Funso limene ambiri mumafunsa pogula kaliyala ndi lakuti, “Kodi ameneyu ndi wolimba?” Wogulitsa naye amakwerapo n’kudumphadumpha kuti muone. Funsolo n’losokonekera. Chimene chimasenza katundu si kaliyala yekha, koma denga ndi mizati imene yagwira dengalo. Wopanga galimoto anayeza kale n’kulemba malire m’buku la galimotoyo. Magalimoto ambiri ang’onoang’ono amaloledwa kusenza makilogalamu pakati pa 50 ndi 75 padenga pamene akuyenda, ndipo akuluakulu ena amafika cha m’ma 100. Mverani bwino apa: kulemera kwa kaliyala mwiniwakeyo kumawerengedwa momwemo. Tiyerekeze denga lanu malire ake ndi 75, kaliyala akulemera 20. Mwatsala ndi 55. Thumba limodzi la chimanga ndi makilogalamu 50. La feteleza 50. La simenti 50. Ndiye kuti thumba limodzi lokha lakwana, nkhani yathera pomwepo. Inu amene mumasanja matumba anayi kapena asanu, werengerani nokha kuti mwapyola kangati. Zigubu za madzi nazo musazipeputse: cha malita 20 chikadzaza ndi makilogalamu 20, zitatu zokha zapitirira kale thumba la chimanga.

Wina anena kuti buku la galimoto yake linabwera m’Chijapani, sangathe kuwerenga. Foni muli nayo m’manja, tsiku lonse muli pa Facebook ndi WhatsApp. Lembani dzina la galimoto ndi chaka chake pa intaneti, kapena funsani makaniko wodziwa ntchito yake. Safunsa anadya phula. Ndipo kaliyala wogula kusitolo amakhalanso ndi malire ake olembedwa. Pa manambala awiriwo, ya denga ndi ya kaliyala, inu tsatani yaing’onoyo.

Palinso bodza lina limene limanyenga ambiri. Munthu amakwera padenga galimoto itaima, iye ndi mnzake, n’kuona kuti silinaphwanyike, basi n’kumati denga langa ndi chitsulo. Galimoto yoima ndi yoyenda n’zosiyana. Ikamayenda, tayala likagwa m’dzenje kapena mukamenya hampu, katundu amanyamuka pang’ono n’kubwerera pansi ndi mphamvu yoposa kulemera kwake. Zimenezi zimachitika mobwerezabwereza ulendo wonse, ndipo pamsewu wafumbi wa mabampu ndiye kosalekeza. N’chifukwa chake opanga makaliyala ambiri amalangiza kuti pamsewu woipa muchepetsenso katundu kuposa malire aja. Misewu yopita kumidzi kwathu mukuidziwa nokha, sindichita kukufotokozerani.

Koma kuphwanyika kwa denga ndi nkhani yaing’ono poyerekeza ndi kugubuduzika. Mayi amene wasenza ndowa yodzaza madzi pamutu sathamanga pokhota, chifukwa akudziwa kuti cholemera chikakhala pamwamba thupi lonse limatsata komwe chapendekera. Galimoto nayo chimodzimodzi. Inapangidwa kuti zolemera zake, injini, mafuta ndi anthu, zikhale m’munsi. Mukaika matumba pamwamba mwasamutsira kulemera kumwamba, ndipo pakona galimoto imapendekeka kwambiri, matayala a mbali imodzi n’kuyamba kupepuka. Pamsewu wowongoka simudzaona kanthu, mudzadzitama kuti mwafika bwino. Tsiku limene mbuzi idzadumphire mumsewu, kapena mwana, inu n’kukhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi, m’pamene mudzadziwe chimene munasenza. Ganizirani makona a ku Chiweta, chitsetse cha Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, kapena phiri lotsikira ku Chikwawa. Malo amenewa amavuta ngakhale galimoto ilibe kanthu. Mabuleki nawo amatentha msanga galimoto ikalemedwa, ndipo mtunda woti iime umatalika. Magalimoto aatali msinkhu koma opapatiza, monga minibasi, ndiye oopsa koposa.

Tsopano za kasankhidwe. Musanapite kukagula, yang’anani denga lanu, pakuti madenga ndi osiyana ndipo miyendo ya kaliyala imapangidwa motsata mtundu wa denga. Ma Hiace ndi ma Land Cruiser akale ali ndi kangalande ka mvula m’mphepete mwa denga, ndipo kaliyala amaluma pamenepo. Magalimoto ena anabwera ndi zitsulo ziwiri zoyenda m’litali mwa denga. Pamenepo mumangomangirira mipiringidzo yopingasa. Ena ali ndi malo a mabawuti obisika pansi pa tizivundikiro tapulasitiki, amene wopanga galimoto anawalimbitsa dala. Ndiye pali a denga losalala, opanda chilichonse, amene amafuna miyendo yokola m’mphepete mwa khomo, yopindidwa molingana ndi galimoto imeneyo basi. Makampani odziwika ngati Thule wa ku Sweden, Rhino-Rack wa ku Australia ndi Front Runner wa ku South Africa amagulitsa miyendo yosiyana pa galimoto iliyonse pa chifukwa chomwechi. Ndi okwera mtengo, sindikana, ndipo si aliyense angakwanitse. Koma munthu akakuuzani kuti kaliyala wake amalowa pa galimoto ina iliyonse, gwirani chikwama chanu mubwerere. Chokwana paliponse sichigwira bwino pena paliponse.

Ambiri a ife timapita kwa amisiri owotcherera zitsulo, ndipo sindikuwanyoza. Alipo amene ntchito yawo ndi yaudongo. Vuto ndi inu eni ake amene mumakalamula kuti, “Amisiri, mundipangire wamphamvu, woti ndizinyamulira chilichonse.” Iwo n’kutenga zitsulo zochindikala zopangira geti. Kaliyala uja akatha, yekhayo wadya kale theka la malire a denga, katundu asanakwere n’komwe. Muuzeni mmisiri malire a denga lanu, asankhe zitsulo zopepukirapo, ndipo akamaliza muikeni kaliyalayo pasikelo, yomwe ija amayezera chimanga, mudziwe kulemera kwake. Pomwe wawotcherera payenera kukhala pogwirana bwino, osati madontho ongomata. Apakidwe penti kuti dzimbiri lisamudye, makamaka inu okhala m’mbali mwa nyanja.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuboola denga. Munthu amatenga chobowolera n’kuboola pakati pa chitsulo cha denga, choonda ngati lata, kulowetsa bawuti, basi wamaliza. Pamalo pamenepo palibe mphamvu. Chitsulocho chimang’ambika pang’onopang’ono mozungulira bawuti, mvula n’kumalowa, dzimbiri n’kuyamba, kenako nsalu ya kudenga kwa mkati n’kumanunkha chinyontho. Komanso m’mphepete mwa denga la magalimoto ambiri atsopano mumadutsa mawaya ndi ma airbag, matumba aja a mpweya amene amafufuma n’kutchinga mawindo pangozi. Mukaboola mwachisawawa mwawononga chinthu chimene chikanapulumutsa mutu wa mwana wanu. Kuwotcherera kaliyala pagalimoto penipeni nako lekani: kumapsereza penti ndipo kungathe kupha zamagetsi.

Pomanga, tsukani kaye denga kuti mchenga usatsalire pansi pa miyendo. Pakhale mphira pakati pa chitsulo ndi penti. Mipiringidzo italikirane monga malangizo anenera, ndipo ikhale yowongoka, osati wina kutsogolo wina kumbuyo. Mabawuti mangani mosinthanasinthana, uku pang’ono uko pang’ono, kuti mbali zonse zigwire mofanana. Osamanga ndi ukali mpaka kupinda mphepete mwa khomo. Zitseko zizitsekeka bwino ngati kale. Mukatha, gwirani kaliyalayo ndi manja awiri mumugwedeze mwamphamvu. Igwedezeke ndi galimoto yonse, osati kaliyala yekha. Ndipo sipanala isatsale kunyumba, chifukwa mabawuti amamasuka ndi kunjenjemera kwa msewu. Mukayenda pang’ono imani muwaonenso, ndipo muziwaona musanayambe ulendo uliwonse wautali.

Tifike pa zingwe, pamene pagona ulesi wathu wonse. Mphira za chubu ndi za panjinga ya kabaza, osati pagalimoto yothamanga. Mphira imatamuka, ndiye mukaponda buleki katundu amaselerekera kutsogolo. Ikapsa ndi dzuwa imaduka osachenjeza. Chingwe cha khonje chofumbwa, waya wamagetsi, chitenje chong’amba, zonsezi ndaziona zitamangira katundu wa anthu ophunzira bwino. Gulani malamba omangira katundu, aja okhala ndi chokokera chachitsulo. Mtengo wake sufika ngakhale pa tayala limodzi. Akhale awiri kapena kuposa, adutse pansi pa mipiringidzo ya kaliyala, ndipo nsonga zotsala muzimange zisamakupize. Aja amene alibe kaliyala n’komwe, amangoyala matiresi padenga n’kudutsitsa chingwe m’mawindo zitseko zitatsekedwa, adziwe kuti adzimangira okha m’galimoto. Ngozi itachitika, kapena moto, atulukira pati?

Mphepo musaiderere. Mphamvu yake pa katundu sikula mofanana ndi liwiro. Mukawirikiza liwiro kawiri, iyo imakula kanayi. Matiresi amene anali phee pamene mumayenda pa 40, pa 80 akukankhidwa ndi mphamvu yochuluka kanayi, ndipo mphepo ikalowa kunsi kwake imawanyamula pamodzi ndi kaliyala yemwe. Malata ndiye oopsa kopambana. Lata likauluka pagalimoto limadula chilichonse chimene lakumana nacho. Malata, matabwa ataliatali ndi zitseko, ngati n’kotheka, pezani pikapu kapena lole. Ngati mwakakamizika kunyamula chinthu chachitali, mangani nsonga yakutsogolo ndi yakumbuyo kugalimoto, kumbuyoko mupachike nsalu yofiira, ndipo muyende pang’onopang’ono. Miyezi ya June, July ndi August, mwera ukamawomba m’mbali mwa nyanja, kapena mukamapishana ndi thiraki yaikulu, gwirani chiwongolero ndi manja awiri.

Apa ndiye pamene ndikufuna mundimvetse. Katundu akagwa padenga, inu simuvulala. Mumangomva phokoso, mwinanso osamva n’komwe, n’kumapitirira ulendo. Amene amalandira thumba lija ndi mnyamata wa kabaza amene ali m’mbuyo mwanu ndi mayi wobereka mwana, ndi dalaivala wa minibasi yodzaza anthu amene akhotetse mwadzidzidzi kuti alizembe, ndi mwana wasukulu woyenda m’mphepete mwa msewu. Anthu amenewa sanakhalepo pamene mumamanga, sanafunsidwe, sanagawane nanu ndalama imene munapulumutsa pokana kugula malamba. Mukafuna kuika moyo wanu pachiswe, imeneyo ndi nkhani ya inu ndi banja lanu, ngakhale nayonso ndi yomvetsa chisoni. Koma moyo wa mwana wa mnzanu mulibe nawo ufulu. Malamulo a pamsewu amaletsa kuyenda ndi katundu wosamangidwa bwino kapena wopyola muyezo, ndipo apolisi a pamsewu akakuimitsani pa zimenezi musamati akukuvutitsani. Kupatsa munthu kangachepe kuti akulekeni mudutse sikulimbitsa chingwe chanu. A inshuwalansi nawo akapeza kuti munapyola malire angathe kukana kulipira, maliro ndi milandu n’kutsalira inu nokha.

Kasanjidwe kake n’kosavuta. Zolemera zilowe mkati, pansi, pafupi ndi pakati pa galimoto. Pamwamba pakwere zopepuka koma zotenga malo: zofunda, mabasiketi opanda kanthu, matenti, zikwama za zovala. Zikhale pakati pa kaliyala, zosaunjikana ngati chulu cha mbali imodzi, ndipo zing’onozing’ono zilowe m’thumba limodzi kapena zikutidwe ndi neti. Kumbukiraninso kuti galimoto yonse ili ndi malire ake. Anthu asanu ndi awiri mkati, buti yodzaza, denga lodzaza, matayala ndi masipuling’i sangapirire. Onjezani mpweya m’matayala monga chalembedwera pa kapepala kamene kamamatidwa pamphuthu ya khomo la dalaivala. Ndipo musaiwale kuti galimoto yatalika: nthambi za mango, mawaya otsika ndi denga la galaja zimathyola njinga zambiri za anthu oiwala.

Ulendo ukatha, ngati kaliyala wanu ndi wochotseka, muchotseni. Ngakhale alibe katundu amalimbana ndi mphepo, amalira mluzu, ndipo amakudyerani mafuta tsiku ndi tsiku, pamene mukudziwa nokha mmene mafuta akuvutira.

Mawu otsala ndi a inu makolo anzanga a kumudzi, chifukwa mlanduwu nafenso tili nawo. Mwana akabwera ndi galimoto timafuna asabwerere chimanjamanja: chimanga, mtedza, maungu, mbatata, makala, nkhuku. Akati kwadzaza, ife timati, “Ikani pamwambapo, malo alipo,” ndipo iye poopa kuoneka wamwano amangovomera. Chikondi chimenecho tichisinthe njira. Mupatseni thumba limodzi lero, enawo adzatenge ulendo wina, kapena muwatumize pa lole yopita kutauni. Nawe mwana wanga, agogo akakakamira, gwada uwauze mwaulemu kuti denga lafika pamalire ake, ndipo matumba otsalawo uwabwezere m’nyumba ndi manja ako usananyamuke.