Nyanja si dzala lanu

Loweruka tinali ku Siavonga ndi abale, tabwerera ku Lusaka dzulo usiku koma mtima sunatsikebe. Bambo wina wa motoka, wochokera konkuno, anaimika m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya Kariba, nakhuthula oilo wakuda wa mu injini pamchenga pomwepo. Kenako ndowa, sopo, kutsuka motoka, thovu lonse likutsetserekera m'madzi. Ndinawayandikira mwaulemu, ndati abambo, zimene mukuthirazi zikupita kuti? Iwo kuseka. Akuti mayi, nyanja ndi yaikulu, singamve.

Singamve? Inu abambo, madzi aja ndi amoyo! Kasupuni kamodzi ka madzi a m'nyanja muli tizamoyo mamiliyoni tosaoneka ndi maso, ta mitundu yosawerengeka. Vuto lathu tikangomva kuti tizilombo timaganiza matenda basi. Ayi ndithu. Muli ndere zing'onozing'ono zimene zimapanga chakudya ndi dzuwa. Muli tizilombo toyandama timene timadya nderezo. Kapenta amadya tizilomboto. Ndiye pali mabakiteriya amene amaoletsa zonse zakufa kuti chakudya chibwererenso m'madzi. Mukapha tapansito, mwapha ndiwo yanu ya madzulo. Nkhani ndi yomweyo.

Ndipo chondikwiyitsa n'chakuti anthu omwewa mawa muwapeza ku Soweto Market akukangana ndi amayi ogulitsa kuti kapenta wakwera mtengo, kapenta wachepa, akuba inu. Wakuba ndani? Kapenta sagwa ngati mvula. Ngakhale mu Kariba momwemo sanalimo kale, anachita kumutenga ku nyanja ya Tanganyika mu 1967, ndipo anaswana chifukwa anapeza chakudya m'madzimo. Chakudya chake ndi tomwe mukutithira oiloto.

Nyanja si dzala. Si chimbudzi. Si garaji. Kaya ndi fetereza wokokoloka m'minda, kaya zonyansa za m'masuweji, kaya asidi wa ku migodi ngati uja anatayikira mu mtsinje wa Kafue mu February 2025 nsomba n'kumayandama mimba m'mwamba, zonse zimathera m'madzi. Mitundu yambiri ya tizamoyo imafa, yochepa yolimba mutu imatsala n'kuswana mopanda woiletsa. Fetereza ndi zonyansa zikachuluka, madzi amasanduka obiriwira ngati ndiwo zamasamba, ndere zina mwa izo n'zapoizoni, zikafa n'kuyamba kuola zimamaliza mpweya m'madzi, nsomba n'kubanika. Kutali ukayang'ana nyanja ikadali yokongola, yojambulitsapo zithunzi za pa Facebook. Mkatimo ikufa pang'onopang'ono. Paja akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Musandiuze za umphawi. Munthu wathira mafuta kuchokera ku Lusaka mpaka ku Siavonga, wagula nyama yootcha ndi mowa, angalephere kusunga oilo m'chigubu? Ndi mwano chabe, mwano wa munthu woganiza kuti chimene sachiona ndi maso kulibe.

Ndi khalidwe lomweli kuno mu tauni. Mitambo ikangoda, anthu amathamangira kukakhuthula zinyalala ndi matewera m'ngalande ati madzi atenga. Atenga kupita nazo kuti? Mwaiwala January 2024, Heroes Stadium itadzaza odwala kolera, ana osatsegulira sukulu? Pitani mukaone ngalande za ku Kanyama lero lino.