Azakhali anga si maluwa a pamsonkhano

Ndakhala chete kuyambira Loweruka poganiza kuti mtima uphwa, koma ukungowirabe, ndiye bola ndinene.

Azakhali anga amaumba mbiya. Anayamba ine ndisanabadwe, ndipo kumudzi kwathu mukamwa madzi ozizira a mumtsuko pakhomo lililonse, musafunsenso kuti unaumbidwa ndi yani. Mwezi watha kunabwera anyamata awiri a bungwe lina, atavala malaya ofanana, kudzawauza kuti pa trading pakhala chionetsero cha zaluso. Akuti kubwera alendo ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Akuti, "Amayi, mubwere ndi katundu wambiri, msika mukaupeza." Dzina la bungwelo sinditchula, eni ake akudziwa okha.

Mayi wachikulire anamva mawu akuti msika, basi tulo tinatha. Milungu itatu yathunthu anali pa ntchito. Kukakumba dongo kudambo, kulisenza pamutu, kuliponda, kuchotsamo timiyala ndi zala kamodzikamodzi chifukwa kamwala kamodzi kokha kamaswa mbiya pamoto. Kuumba, kukulungiza ndi mwala wosalala uja amausunga m'kansalu, kuyanika pamthunzi poti dzuwa la kuno likaomba mbiya yaiwisi imang'aluka tsiku lomwelo. Kenako kuwotcha, ndi nkhuni zogula, ndipo mukudziwa nokha mtengo wa mtolo wa nkhuni masiku ano. Zina zinasweka pamoto monga mwa nthawi zonse. Zotsalazo tinaziyalira udzu m'ngolo yobwereka, yolipira pobwera, n'kunyamuka tambala woyamba atangolira.

Tinafika dzuwa likutuluka. Tenti inalipo imodzi, ya mipando, ya mabotolo a madzi ondandalikidwa patebulo la nsalu yoyera. Tenti imeneyo sinali ya amisiri. Amisiri anawalozera pabwalo, pamtetete, aliyense ayale thumba lake. Mwezi wa October, ku Chigwa cha Shire, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 osachita kufunsa munthu. Pambali pathu panali agogo ena aamuna ochokera kutsidya, mbali za ku Makhanga, amene anaoloka pa bwato ndi mitolo ya mikeka ndi mphasa. Uko kunali amayi a madengu ndi malichero, uko anyamata a valimba, chida choimbira cha kuno chonga mangolongondo, atakonza kale zikho zawo pansi pa mbale, kungodikira kuti auzidwe kuti yambani.

Mlendo wolemekezeka anafika nthawi itapitirira 1 koloko. Kuyambira pamenepo zinali zolankhula. Wapampando, womuimira wakuti, womuimira wa womuimirayo, aliyense kuyamba ndi kulonjera mayina onse a anthu okhala mu tenti, aliyense kutiuza ife eni ake kuti chikhalidwe chathu ndi chuma. Chuma chimenecho chinali chitakhala pathumba, milomo itauma gwa, chitafunda chitenje kumutu. Atatha, anatuluka mu tenti onse pamodzi ngati akupita kukaona maliro, ambulera patsogolo, wojambula pambuyo. Pa azakhali anaimapo mwina mphindi ziwiri. Bwana uja ananyamula mtsuko waukulu wa mizere pakhosi, umene unawatengera masiku anayi, n'kumwetulira kamera. Ndiye mnyamata mmodzi wa malaya ofanana aja anawerama n'kunong'ona kuti, "Amayi, umenewu ukhale mphatso ya bwana."

Azakhali anayang'ana mtsuko wawo, anayang'ana ine, kenako anawomba m'manja pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Takhuta." Kwa inu a kumtunda, mawu amenewo m'Chisena ndi zikomo. Bwanayo anaseka, ndikhulupirira anamva za kukhuta kwa m'mimba. Munthu amene kuyambira m'bandakucha anali atalandira bani imodzi ndi botolo la zakumwa lofunda ngati tiyi.

Sanagule kanthu. Palibe ndi mmodzi yemwe wa mu tenti muja anapisa dzanja m'thumba. Anthu obwera pa magalimoto ozizira mkati, olandira alawansi chifukwa chongokhala pampando tsiku limenelo, kulephera kugula lichero.

Ndiye ndikunena pano kuti mmisiri si duwa lokongoletsera msonkhano wanu. Ngati mwamuitana, mwaitana munthu amene wasiya munda wake, wasiya mbuzi, walowa ngongole ya ngolo. Mumulipire. Ngati simungathe kumulipira, mugule. Ngati kugulanso simungathe, musamuitane, musiyeni akagulitse pa tsiku la msika ku Nchalo kapena ku Ngabu kumene ogula amanenerera mtengo mpaka kukwiyitsa koma pomaliza amatulutsa ndalama. Tenti munalipira. Mipando munalipira. Wa zimkuzamawu munamulipira, mafuta a galimoto munathira, chinsalu cholembedwa mutu wa tsikulo munasindikiza ku Blantyre. Munthu yekhayo amene munaona kuti angagwire ntchito yaulere ndi amene chionetserocho chimatchedwa dzina lake. Mudzati ndalama za othandiza zimabwera ndi malamulo ake, kaya bajeti inachepa, izo ndi zanu.

Ndipo musatiuze za "kuonekera". Mawu amenewa ndatopa nawo. Akuti azakhali aonekera, dziko liwadziwa, maoda abwera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kuonekera kumagula ufa? Mwini ngolo uja tikamupatse kuonekera?

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti mumabwera ngati mwabweretsa luso kuno, ngati ife tinali kudikira inu kuti mutiuze kuti manja amagwira ntchito. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi, akuluka nsalu zawo, akusula makasu. Panalibe bungwe, panalibe tenti. Anthu ankapanga zinthu n'kusinthanitsa ndi zinthu, wosula ankadya za kusula kwake. Magule athu a utse ndi likhuba sanayambire pa pulogalamu ya munthu. Ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona, miyambo yasungidwa mibadwomibadwo popanda wogawa malaya. Gule Wamkulu a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, anamulemekeza mu 2005, tonse tinanyadira, koma kafunseni wosema ng'oma kapena woimba ng'omayo ngati ulemu umenewo unafika m'thumba mwake. Luso lilipo kale. Chimene kulibe ndi munthu wolipira.

Ndipo si kuti n'zosatheka. Pitani ku Mua, ku Dedza, ku KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kumeneko zosema zili m'nyumba, pamthunzi, chaka chonse, mlendo akafika amaona, amagula. Ife kuno, Chikwawa ndi Nsanje, maboma awiri athunthu, alendo akudutsa kupita kukaona nyama zakutchire ku Majete ndi ku Lengwe, chionetsero chathu ndi cha tsiku limodzi padzuwa, kenako aliyense asenze zake. Mlendo ndi mame, inde, amakamuka msanga. Koma mame amasiyako kachinyontho. Awa anasiya fumbi la matayala.

Agogo a mikeka aja ndinawaona madzulo akugulitsa mikeka yawo kwa mavenda pamtengo wongotaya, kuti apeze ya bwato. Mlaza woti anakadula okha, anauyanika, anaung'amba, analuka usiku ndi nyali. Mavenda aja ndiwo anapindula ndi chionetsero, anangoima potero kudikira kuti dzuwa ndi njala ziwagwirire ntchito. Mikeka imeneyo mukaipeza ku Blantyre pamtengo wina, ndipo bwana yemwe uja akaigula kumeneko mosanenerera.

Ife pobwerera ngolo inagwa m'dzenje, mbiya ziwiri zinasweka. Azakhali sanalankhule njira yonse. Titafika anangoti, "Mwanangu, tsitsa bwinobwino zotsalazo," n'kulowa m'nyumba. Anawapatsa satifiketi ya Chingerezi, dzina lawo atalilemba molakwika. Aiika pansi pa mphasa.

Zithunzi ndaziona kale pa Facebook. Azakhali ali pamenepo, bwana wanyamula mtsuko, pansi alembapo kuti atukula amayi a kumudzi. Dzina la woumba palibe. Chithunzi chimenecho chikalowa mu lipoti, lipotilo likabweretsa ndalama zina, ndalamazo zidzagula tenti ina. Ndi momwe mumachitiranso madzi akasefukira. 2015 munabwera ndi makamera, 2019 munabwera, namondwe Ana atawononga mu 2022 munabwera, Freddy mu 2023 munabweranso. Nkhope zathu mumazidziwa bwino zikakhala m'madzi kapena zikamavina. Zikayamba kufunsa mtengo, mumayang'ana wotchi.

Komanso inu a zimkuzamawu, ndani anakuuzani kuti pa chionetsero cha zaluso muziika nyimbo za pa flash mokweza chonchija? Anyamata a valimba anasenza chida chawo mtunda wonse uja, anadikira maola asanu ndi limodzi, atangoyamba kuimba inu n'kutsegula zanu pamwamba pawo kuti bwana akukwera galimoto. Anaimba nyimbo imodzi, nayonso theka.