Mpingo wa Methodist umayamba ndi kalasi, malata pambuyo

Abale amene mukuyambitsa mpingo wa Methodist kuno ku Mzuzu, kaya ku Luwinga, ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa, maganizo anga ndi awa: musathamangire malata. Yambani ndi makalasi, timagulu tating'ono ta akhristu tokumana m'makomo.

Mu 1742 ku Bristol, ku England, otsatira John Wesley, amene anayambitsa Methodist, anali ndi ngongole ya nyumba yawo yopemphereramo. Anagawana m'magulu a anthu pafupifupi 12, aliyense nkumapereka peni imodzi pa sabata. Potolera ndalamazo, atsogoleri anayamba kudziwa amene wadwala, amene wabwerera ku mowa, amene banja lagwedezeka. Mpingo unakula kudzera m'timagulu timeneti. Akatolika ali ndi miphakati, a CCAP milaga, nanga ife tikutayiranji zathu?

Kalasi ikafika anthu 15 igaweni, chifukwa gulu likakula amanyazi amangoti zii. Muzikumana mkati mwa sabata, ola limodzi, mosinthana makomo. Mtsogoleri akhale ndi kope la mayina, ndipo amene wajomba kawiri motsatizana ayenderedwe sabata yomweyo. Nyimbo za Chitumbuka zisasowe, apo ayi eni dera adzautcha mpingo wa obwera.

Muzikumbukiranso kuti ambiri mumzinda muno ndi apaulendo. Ophunzira a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) amapita kutchuthi, ogwira ntchito m'boma amasamutsidwa. Bajeti muziwerengera mabanja okhazikika, osati mabenchi odzadza a Lamulungu limodzi.

Chopereka awerenge anthu awiri asanatuluke, onse asayine m'kope. Ku banki kukhale osayinira atatu, ndalama izituluka awiri akasayina. Kusunga chuma cha mpingo pa foni ya munthu mmodzi kwadanitsa anthu ambiri amene sanabe nkomwe.

Pa puloti ndiye pamene ndimalimbikira kwambiri. Makalata alembedwe m'dzina la mpingo, osati la mkulu amene anathandiza kugula. Akadzamwalira, ana adzati ndi chuma chamasiye, ndipo pepala lidzakhala kumbali yawo. Pewani madambo ndi malo otsetsereka ngakhale atchipe bwanji, pulani ivomerezedwe kukhonsolo musanakumbe maziko.

Pakadali pano chitani lendi chipinda cha pasukulu choti muzipemphereramo. Makoma musawakweze ndalama ya denga isanakwane, pakuti mvula ya kuno imafika mpaka mu Epulo ngakhale Meyi, ndipo khoma lomangira dothi likanyowa nyengo yonseyo osafoleredwa, mudzaligwetsa nokha nkuyambiranso pa maziko.